Mwana wanga akuti adzakhala "mangaka" ngati a ku Japan, ntchitoyi imadyetsa?

Nabanda wa ku Area 25:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kunyumba, mundigawireko nzeru. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Makope ake onse, ngakhale la masamu, kumapeto kwake kwadzaza anthu a maso akuluakulu, tsitsi losongoka ngati minga ya nungu. Dzulo ndinamufunsa kuti ukamaliza sukulu ukufuna kudzatani, iye osaphethira n'komwe akuti, "Amayi, ndidzakhala mangaka." Ine ndinamva ngati akuti manganje. Akuti ku Japan ojambula tizithunzi timeneti ndi mabwana, ena ndalama zawo kuposa nduna. Bambo ake anangoti "zachibwana" n'kutuluka panja. Ine sindikufuna kumufooketsa, komanso sindikufuna kumunamiza. Amene mukuzidziwa, ntchitoyi imayenda bwanji kwawoko? Amayamba bwanji, ndipo amawalipira ndani?

Joni Boy:
Kkkkk manganje! Mayi, musiyeni mwanayo. Ife tinkajambula Goku wa mu Dragon Ball padesiki mpaka kukwapulidwa, lero tikupenta nyumba ku Randburg. Luso silinapite pachabe, burashi yangokula.

Otaku wa ku Katoto:
Mayi, mwana wanu sakunama, koma wakuuzani theka. Kuno zonse timangoti makatuni, pomwe kwawoko ndi ntchito zosiyana. Mangaka ndi amene amapeka nkhani n'kuijambula m'timabokosi papepala, ituluke m'magazini, kenako m'mabuku, ndipo nkhani zoterezi ndi zimene amati manga. Ena ali m'masitudiyo a anime, kujambula zithunzi zoti ziziyenda pakanema, ndipo pakati pa amenewa ndi pomwe pamachokera wokonza maonekedwe a atengambali, uja amagamula kuti mphuno ya uje ikhale yotere, malaya ake akhale otere. Palinso ojambula zikuto za mabuku, makadi ndi anthu a m'magemu. Onse agwira pensulo, koma matumba awo ndi otalikirana.

Olemera amene akuwanenawo ndi a gulu loyamba, ndipo ndi owerengeka. Eiichiro Oda anayamba One Piece mu 1997 m'magazini ya Weekly Shonen Jump, mpaka lero ikutulukabe, ndipo mabuku ake osindikizidwa anadutsa 500 miliyoni. Chivomerezi chitawononga kwawo ku Kumamoto mu 2016, mkuluyu anapereka mayeni (ndalama za ku Japan) 800 miliyoni othandizira kukonzanso dera. Ndiye zoti nduna ingachepe, n'zoona.

Aphunzitsi Opuma:
Zikomo mwana wanga pofotokoza. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo kalasi iliyonse inkakhala ndi mmodzi wojambula aphunzitsi mutu waukulu kumbuyo kwa kope. Funso langa ndi lakuti, khomo lolowera lili pati? Amafuna satifiketi yanji?

Otaku wa ku Katoto:
Aphunzitsi, kwa mangaka satifiketi safunsa n'komwe. Makomo ndi awiri. Loyamba ndi mipikisano ya makampani osindikiza, monga Shueisha, Kodansha ndi Shogakukan. Oda anapata mphoto pa mpikisano wa Tezuka Award ali ndi zaka 17. Lachiwiri ndi kunyamula masamba ako, kupangana nthawi ndi mkonzi, kukakhala pamaso pake iye akuwerenga uku iwe thukuta lili kamukamu. Akaona kuti muli kanthu amakupatsa khadi lake, basi wakhala mkonzi wako. Koma sikuti walembedwa ntchito ayi. Palibe malipiro a pamwezi.

Podikira mwayi, ambiri amakagwira kwa mangaka wodziwika kale ngati othandizira: kujambula nyumba ndi mitengo ya kumbuyo, kudetsa tsitsi ndi inki, kufufuta mizere ya pensulo. Oda yemweyo anathandizirapo Nobuhiro Watsuki asanayambe zake. Zili ngati mnyamata wa pagalaja amene amayamba ndi kutsuka masipanala.

Nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya Akira Toriyama, mwini Dragon Ball. Anagwira ntchito pakampani yokonza zotsatsa malonda ku Nagoya, koma kudzuka m'mawa kunkamuvuta, mpaka anasiya. Ali lova, anatumiza zojambula ku mpikisano chifukwa chofuna ndalama ya mphoto. Sanawine. Koma mkonzi wina, Kazuhiko Torishima, anaona kanthu m'menemo n'kumuuza kuti azitumizabe. Nkhani yake yoyamba inatuluka mu 1978, owerenga osaikonda. Mkonziyo anamubwezera masamba mazanamazana, mpaka mu 1980 nkhani yake ya Dr. Slump inatchuka kwambiri. Dragon Ball inabwera mu 1984, n'kutha mu 1995. Ndipo munthuyu sanasamukire ku Tokyo, anakhalabe kwawo ku Aichi mpaka anamwalira mu 2024.

Joni Boy:
Ndiye kuti vuto la kudzuka mochedwa lili ndi tsogolo? Ndimuuze bwana wanga mawa.

Mlongo wa ku Kyoto:
Moni a gulu, ndakhala ndikungowerenga. Ine ndili kuno pasukulu, osati ya zojambula ayi, koma zina ndimaziona ndi maso. Jump imene akunena achimwene a ku Katoto imatuluka Lolemba lililonse, yonenepa ngati buku la manambala a foni lakale lija, pepala lake lotchipa lothimbirira. Muli nkhani pafupifupi 20, iliyonse masamba ngati 19 pasabata. Pachimake pake, cha m'ma 1995, inkasindikizidwa makope 6.53 miliyoni sabata imodzi. Lero yatsika kwambiri chifukwa anthu akuwerengera pafoni.

Chimene mwana wanu ayenera kumva ndi ichi, Mayi. M'magazinimo mumakhala kakhadi koti owerenga asankhe nkhani zitatu zimene zawakomera. Nkhani ikamakhala kumchira masabata otsatizana, amaidula. Ena amadulidwa asanakwanitse n'komwe miyezi itatu kapena isanu. Taganizani: wavutika zaka kuti upeze malo, walemba othandizira, wachita lendi chipinda chogwiriramo, kenako mkonzi akukuuza kuti mangani nkhaniyi m'mitu inayi yatsalayi. Ukubwerera pomwe unayambira, mwinanso ndi ngongole.

Nabanda wa ku Area 25:
Iii, ndiye othandizirawo amawalipira ndani? Ndimayesa kampani.

Mlongo wa ku Kyoto:
Mwachizolowezi amalipira mangaka mwini, kuchokera m'thumba mwake. Kampani imamulipira pa tsamba lililonse limene latuluka m'magazini. Kwa woyamba kumene, ndalama imeneyi ikalowa kwa othandizira, lendi ndi zakudya zawo, imatha psiti. Shuho Sato, wojambula wodziwika ndithu, anaulula poyera masamu ake kusonyeza kuti ndalama ya masamba yokha inkamusiya m'dzenje ngakhale nkhani yake inkatchuka. Phindu lenileni limabwera mitu ija akaisonkhanitsa kukhala buku, iwo amati tankobon. Pamenepo mwini amalandira gawo pa buku lililonse, kawirikawiri 10 pa 100 iliyonse ya mtengo wake. Ndiye buku likayenda, walemera. Likapanda kuyenda, wagwirira ntchito anyamata ako.

Chejambula wa pa Limbe:
Apa ndiye mwafika pamene ndimadikira. Ine ndimadya za burashi ndi kompyuta, zikwangwani, matisheti, timabuku. Ndikuuzeni Mayi, funso lalikulu pantchito yathu si lakuti "umatha kujambula?" Funso ndi lakuti, chimene wajambulacho mwini wake ndani?

Zaka zapitazo bungwe lina linandipatsa ganyu yojambula kabuku ka ana ka zaukhondo. Ndinapeka kamtsikana, nkhope yake, diresi lake, kagalu kake. Anandilipira kamodzi, ndinasainira pepala osaliwerenga bwino, ndinasangalala, ndinagula matumba awiri a simenti. Patapita nthawi ndinakaona kamtsikana kanga pamakalendala, pazikwangwani za m'misewu, pamatisheti. Nditafunsa anandionetsa pepala lija. Umwini ndinagulitsa ndekha ndi dzanja langa.

Ku Japan n'chimodzimodzi, kungoti manambala ndi aakulu. Hello Kitty, kamphaka kaja kali pazikwama za ana pamsika uliwonse, anakajambula ndi mayi wina, Yuko Shimizu, mu 1974. Anali wantchito wa kampani ya Sanrio. Patangopita zaka zochepa anachoka, kamphaka kanatsala, chifukwa n'ka kampani. Pikachu anamujambula koyamba Atsuko Nishida, koma ndani mwa ana athu amadziwa dzina limeneli? Pomwe Oda ndi Toriyama, atengambali a m'manga awo ndi awo. Chidole chikagulitsidwa, gawo limawapeza. Kusiyana kwake kuli pamenepo, osati pa luso.

Otaku wa ku Katoto:
Zoona akulu, koma ngakhale mwini nthawi zina amalira. Mari Yamazaki ananena pa TV kuti filimu yochokera ku manga yake ya Thermae Romae inamupatsa mayeni 1 miliyoni yokha ngati ndalama yogwiritsira ntchito nkhani yake, pomwe filimuyo inapanga pafupifupi mayeni 6 biliyoni. Anthu anakwiya heve. Zokambirana zotere amayendetsa ndi kampani yosindikiza, wojambula amangouzidwa.

Aphunzitsi Opuma:
Nanga aja a m'masitudiyo? Poti zidzukulu zanga zimaonera zoyendazo, osati za papepala.

Mlongo wa ku Kyoto:
Aphunzitsi, kumeneko ndiye chikomekome cha mkuyu. Wolowa kumene amayamba ntchito yotchedwa douga. Wamkulu amajambula poyambira ndi pothera pa kayendedwe, mwachitsanzo mkono uli pansi ndi mkono uli m'mwamba. Wa douga amadzaza zapakati n'kuyeretsa mizere. Ambiri si antchito olembedwa, amalipidwa pa pepala lililonse, ndipo mtengo umene wakhala ukutchulidwa kwa zaka ndi mayeni ngati 200. Woyamba kumene pepala limodzi likhoza kumudyera pafupifupi ola. Akajambula mapepala 300 pamwezi, ndi mayeni 60,000. Bungwe la ojambulawa lotchedwa JAniCA linapeza pa kafukufuku wake wa 2015 kuti a douga ankapeza pafupifupi mayeni 1.1 miliyoni pachaka.

Joni Boy:
Dikirani kaye. 1.1 miliyoni ya ku Japan? Ndaika pa kakyuleta, mu kwacha ikutuluka nambala yoti kumudzi angandivinire. Ndipatseni adiresi.

Mlongo wa ku Kyoto:
Kkkk achimwene, inuyo mukudziwa bwino kuti randi imakoma ukaitumiza kumudzi, osati ukamalipira lendi konko. Ku Tokyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anadutsa mayeni 1,000 pa ola kuyambira 2019. Ndiye wogulitsa m'sitolo ola limodzi wapeza za mapepala asanu. Kachipinda kakang'ono kokha kakhoza kumeza 60,000 yonse ija. N'chifukwa chake ambiri amathandizidwa ndi makolo, ndipo ochuluka amasiya zaka zitatu zisanakwane. Ntchito yambiri ya douga inasamukiranso ku South Korea, China, Philippines ndi Vietnam, zomwe zikudetsa nkhawa akuluakulu chifukwa pamenepo ndi pomwe achinyamata ankaphunzirira.

Ukapirira umakwera kukhala wa genga, wojambula zithunzi zikuluzikulu zija, wolipidwa pa kachigawo ka kanema. Kenako woyang'anira zojambula, amene amakonza nkhope zonse kuti zifanane. Wokonza maonekedwe a atengambali nthawi zambiri amachokera pamenepa, patapita zaka. Ndipo ntchito yake si kujambula chithunzi chimodzi chokongola ayi. Amajambula munthuyo kutsogolo, kumbali, kumbuyo, akuseka, akulira, kutalika kwake poyerekeza ndi anzake, n'kuchepetsa mizere kuti anthu mazana, ena ali kunja kwa dziko, athe kumujambula mofanana kambirimbiri.

Aphunzitsi Opuma:
Koma zinayamba bwanji kuti dziko lolemera chotero lizilipira ana ake motere?

Otaku wa ku Katoto:
Apa pali mkangano wakale, Aphunzitsi. Ambiri amaloza Osamu Tezuka, amene kwawo amamutcha mulungu wa manga. Pa 1 January 1963 situdiyo yake ya Mushi Production inayamba kuonetsa Astro Boy pa TV sabata iliyonse, chinthu chimene ena ankati n'chosatheka. Kuti zitheke anachepetsa zithunzi, pena kungoyendetsa pakamwa pokha, ndipo anavomera mtengo wotsika kuposa ndalama zimene zinkalowa. Iye ankadalira kuti abweza pa zidole, zomata, ndi kugulitsa kunja. Hayao Miyazaki, katswiri wa makanema a anime wa ku situdiyo ya Ghibli, anamudzudzula poyera pa mfundo imeneyi Tezuka atamwalira mu 1989.

Chejambula wa pa Limbe:
Mwaona? Zabwerera pomwe paja. Tezuka akanatha kugulitsa motchipa chifukwa Atom, amene ndi Astro Boy yemweyo, anali wake, ankadziwa kuti adya kumbuyo. Obwera pambuyo anatengera mtengo wotchipawo koma alibe Atom. Lero ndalama za anime zimasonkhedwa ndi komiti ya makampani, osindikiza, a TV, a zidole, a nyimbo. Iwo ndiwo eni. Situdiyo nthawi zambiri imangopatsidwa ganyu. Kanema atchuke bwanji, wa douga mtengo wake ndi womwe uja.

Bambo a Mapasa:
Ndiloleni nditsutseko pang'ono. Kumuika Tezuka mlandu wonse ndi kuphweketsa nkhani. Mushi Production inakopa ojambula ambiri kuchoka ku situdiyo ya Toei chifukwa inkalipira bwino pa nthawiyo. Komanso situdiyoyo inagwa mu 1973, mwini wake n'kutsala ndi ngongole, anthu akuti watha. Chaka chomwecho anayamba Black Jack n'kudzukanso. Zaka zoposa 50 zadutsa chigwereni kampani yake, amene akusunga mitengo yotsika lero ndi amoyo, si malemu.

Ndipo si masitudiyo onse. Ghibli inayamba kulemba ojambula ake pa malipiro a pamwezi cha m'ma 1990. Miyazaki yemweyo anayamba ngati wa douga ku Toei mu 1963, anali mtsogoleri m'bungwe la ogwira ntchito, ndiye ululu wake ankaudziwa. Kyoto Animation nayo imadziwika polemba anthu ntchito yokhazikika, kuwaphunzitsa okha, ndipo amayi ndi ambiri kumeneko.

Mlongo wa ku Kyoto:
Mwatchula Kyoto Animation mtima wanga wawawa. Pa 18 July 2019 munthu anayatsa moto situdiyo yawo ku Fushimi, anthu 36 anamwalira. Mwa iwo munali Futoshi Nishiya ndi Shoko Ikeda, onse okonza maonekedwe a atengambali, anthu amene anakwera makwerero onse aja kuchokera pansi. Kuno anthu akaikamba nkhaniyi amatsitsa mawu mpaka lero.

Namwino wa ku Leeds:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa naiti. Ine mbali imene ndikufuna Mayi aimve ndi ya thupi. Masamba 19 sabata iliyonse, chaka ndi chaka, si ntchito ya munthu wogona mokwanira. Tezuka anajambula masamba pafupifupi 150,000 n'kumwalira ali ndi zaka 60. Shotaro Ishinomori nayenso 60. Kentaro Miura wa Berserk anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 54, mtsempha waukulu wochokera kumtima unang'ambika. Yoshifumi Kondo wa ku Ghibli, amene ambiri ankamuona ngati wodzalowa m'malo mwa Miyazaki, anapita mu 1998 ali ndi zaka 47. Sindikunena kuti pensulo ndi imene inawapha onsewa, matenda ali ndi zifukwa zambiri. Koma kukhala pampando maola ochuluka, tulo tochepa, fodya ndi khofi, ife a m'chipatala timadziwa kumene msewu umenewo umathera.

Yoshihiro Togashi wa Hunter x Hunter, achinyamata amamunyoza kuti ndi waulesi chifukwa nkhani yake imaima zaka. Munthuyo msana unamugwira moti mu 2022 anafotokoza kuti kwa nthawi yaitali sankatha kukhala pampando, amajambula chogona.

Otaku wa ku Katoto:
Anamwino, ine ndine mmodzi mwa amene ankamunyoza, ndavomera kulakwa. Koma tinali titadikira kuyambira 2018 mpaka 2022, mutimvetse.

Bambo a Mapasa:
Komabe alipo amene anaigwira ngati ntchito ya muofesi n'kukalamba bwinobwino. Osamu Akimoto anajambula Kochikame kuyambira 1976 mpaka 2016, zaka 40, mabuku 200 pa nthawi imene inkatha, osadumphitsa sabata ngakhale imodzi. Chinsinsi chake chinali nthawi yoweruka yokhazikika kwa iye ndi anyamata ake, ndi kukhala ndi mitu yosungira. Shigeru Mizuki anaduka mkono wamanzere pankhondo yachiwiri ku New Britain, anavutika ndi umphawi mpaka atapitirira zaka 40 zakubadwa, koma ankalimbikira kunena kuti tulo n'tofunika, ndipo anafika zaka 93. Takashi Yanase, Anpanman wake anafika pa TV mu 1988 mwini ali ndi zaka 69. Ndiye ntchitoyi ilibe msinkhu umodzi.

Aphunzitsi Opuma:
Zonsezi ndamva. Koma ine maganizo anga sanasinthe: mapanga awiri avumbwitsa. Mwana amalize kaye MSCE, zojambula adzaziona pambuyo. Ndaona ana ambiri aluso akulephera masamu chifukwa cha kumbuyo kwa kope.

Chejambula wa pa Limbe:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, "pambuyo" ameneyo ndi amene anatipha ambirife. Dzanja likapuma zaka zitatu limauma. Sukulu amalize, pamenepo tagwirizana. Koma asasiye kujambula. Tezuka amene tikumunenayu anaphunzira udokotala ku Osaka uku akutulutsa manga. Naoko Takeuchi wa Sailor Moon ndi wazamankhwala wa satifiketi yake. Mapanga awiri amenewo sanawavumbwitse.

Ndipo masamu amene mukunenawo, ine ndikanakhoza bwino pamodzi ndi Chingerezi, bwenzi nditawerenga pepala lija ndisanasaine.

Nabanda wa ku Area 25:
Kkkk a Chejambula, simenti ija ikukuwawanibe. Koma mwatchula mayi. Ine ndimaona ngati ndi ntchito ya amuna. Akazi alipo ambiri?

Mlongo wa ku Kyoto:
Alipo ambiri zedi, Mayi, ndipo ena ndi zimphona. Rumiko Takahashi anayamba mu 1978 ndipo akujambulabe, mu 2019 analandira mphoto yaikulu ya ku Angoulême ku France. CLAMP ndi gulu la amayi anayi amene anayamba ndi kudzisindikizira timabuku tawo.

Koma amene ndikufuna mumuuze mwana wanu ndi Hiromu Arakawa. Anakulira pafamu ya ng'ombe za mkaka ku Hokkaido, anaphunzira sekondale ya zaulimi, n'kugwira pafamu ya makolo ake zaka 7, kukama ng'ombe m'bandakucha, kujambula akapeza mpata. Anapita ku Tokyo mu 1999, anayamba ngati wothandizira, ndipo mu 2001 anayamba Fullmetal Alchemist imene inatha mu 2010. Dzina lake lenileni ndi Hiromi, anasintha pang'ono kuti limveke lachimuna poti ankalembera magazini ya anyamata. Akamadzijambula yekha amajambula ng'ombe yovala magalasi. Kenako analemba Silver Spoon, nkhani ya ana a sukulu ya zaulimi, ndowe ndi nkhumba zomwe, ndipo inagulidwa kwambiri. Anajambula zimene ankazidziwa.

Mfundo imeneyi ndi imene ndimaona ikusowa pa zojambula za achinyamata athu pa Facebook. Luso lilipo, koma aliyense akujambula mnyamata wa lupanga la samurai atayima pansi pa maluwa a sakura amene sanawaonepo. Minibasi ya ku Ndirande, kondakitala atapachikika pakhomo, palibe akuijambula.

Otaku wa ku Katoto:
Apo mwandilasa, achemwali. Koma aliyense amayamba ndi kukopera. Ngakhale Tezuka ankakopera za Disney.

Joni Boy:
Jambulani ine ndikuwoloka Beitbridge ndi chikwama cha Shangani pamutu. Mitu 200 ikwana, osapuma sabata.

Bambo a Mapasa:
Pa ojambula zikuto ndi magemu sitinakambe mokwanira. Njira yawo imakhotakhota. Yoshitaka Amano analowa ku situdiyo ya Tatsunoko ali ndi zaka 15, anagwira zaka ngati 15 akukonza atengambali a kampani, kenako anatopa n'kuchoka kukayima payekha. Anayamba kujambula zikuto za mabuku, ndipo mu 1987 anamuitana ku gemu ya Final Fantasy. Lero zithunzi zake zimapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso. Yoshikazu Yasuhiko anakonza atengambali a anime ya Gundam mu 1979, pambuyo pake anasiya anime n'kukhala mangaka. Ken Sugimori wa Pokémon anayamba ndi kujambula m'kamagazini kodzipangira ka okonda magemu, kotchedwa Game Freak, kamene kanadzasanduka kampani. Mukaona bwino, ambiri amayenda ulendo wochoka pojambulira ena kupita pojambula zawo.

Masiku ano achinyamata amaika zithunzi pa pixiv, tsamba la pa intaneti la ojambula, ndi pa X, akonzi amawapeza komweko. Ena amagulitsa okha ku Comiket, msika wa timabuku todzisindikizira umene unayamba mu 1975 ndipo umachitika kawiri pachaka ku Tokyo Big Sight. One-Punch Man inayamba mu 2009 pa intaneti, yojambulidwa mokhotakhota ndi munthu wodzitcha ONE, koma nkhani yake inali yokoma moti katswiri Yusuke Murata anadzipereka kuijambulanso. Hajime Isayama anapita ndi Attack on Titan ku Jump, anamukana, Kodansha n'kumutenga.

Nabanda wa ku Area 25:
Chabwino. Nanga mwana wa ku Area 25, wosadziwa Chijapanizi kupatula "arigato", ali ndi polowera? Kapena tingoiwala?

Mlongo wa ku Kyoto:
Kulowa mu Jump ya papepala ngati mlendo ndi phiri lalitali, chifukwa sabata iliyonse umakangana ndi mkonzi m'Chijapanizi. Alendo amene anakwanitsa alipo, monga Boichi wa ku South Korea amene anajambula Dr. Stone, koma anasamukira konkuno. Ku mbali ya anime, Arthell Isom wa ku America anatsegula situdiyo ya D'Art Shtajio ku Tokyo mu 2016, ataphunzira ntchito kuno zaka zambiri.

Koma pali makomo amene safuna ndege. Silent Manga Audition ndi mpikisano wa kampani ya Coamix, wa manga yopanda mawu, wotsegukira dziko lililonse, umatumiza pa intaneti. Unduna wa zakunja wa Japan uli ndi Japan International Manga Award kuyambira 2007, ya ojambula a kunja. Shueisha nayo ili ndi MANGA Plus Creators komwe munthu amaika nkhani yake m'Chingerezi. Za sukulu, kuno kuli Kyoto Seika University imene ili ndi gawo lonse la manga, ndipo kuyambira 2018 mpaka 2022 mkulu wake anali Oussouby Sacko, wobadwira ku Mali. Fizi yake ndi yowawa, musanamizidwe. Maphunziro olipiriridwa ndi boma la Japan amalengezedwa ndi ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe, ndipo kumeneko chimene amayang'ana ndi magiredi. Apa Aphunzitsi awina.

Aphunzitsi Opuma:
Ndalemba tsiku la lero, wachinyamata wavomereza kuti ndawina.

Chejambula wa pa Limbe:
Ine langizo langa kwa mwanayo ndi limodzi. Asiye kujambula nkhope zokhazokha. Ana onse amatha kujambula nkhope yoyang'ana kumanzere. Ajambule nkhani yathunthu ya masamba 8, yoyamba n'kutha, muli manja, mapazi, njinga, nyumba, munthu akuthamanga. Akaimaliza adzadziwa yekha ngati akuifunadi ntchitoyi, chifukwa pofika tsamba lachisanu chikondi chimayamba kuzirala. Ndipo tsiku limene wina adzamupatse pepala loti asaine, abwere nalo kwa inu, kapena akafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, asanagwire cholembera.

Admin:
A gulu, amene mukuponya maulalo a masamba oba manga ndawachotsa. Takhala tsiku lonse tikudandaula kuti ojambula salipidwa, ndiye inu mukubweretsa zomwezo.

Otaku wa ku Katoto:
Sindine, a Admin. Ine ndimawerengera pa MANGA Plus, mitu yatsopano ndi yaulere, bola bandulo.

Nabanda wa ku Area 25:
Zikomo nonse, sindinayembekezere zambiri chonchi. Usiku ndinamupatsa foni kuti awerenge yekha. Anakhala chete nthawi yaitali pa nkhani ya mayeni 200 ija. Kenako anati zoti akajambule mapepala a eni sakufuna, iye akufuna zake ngati mayi wa ng'ombe uja. Wakwiya pang'ono ndi a Chejambula, akuti iye manja amatha kujambula, ndi mapazi okha amene amawabisa mu udzu. Tapangana kuti masamba 8 aja ayambe holide ikubwerayi, koma masamu akatsika pa teremu ino, mapensulo ndisunga ine. Bambo ake sanayankhe kanthu, angofunsa kuti kamphaka kaja kampani inapanga nako ndalama zingati.

A Chejambula, ndigule pepala lanji ndi cholembera chanji? Akuti cha bolopeni chimamata.

Chejambula wa pa Limbe:
Musawononge ndalama, Mayi. Rimu imodzi ya A4 wamba, mapensulo a HB ndi 2B, labala yofewa, rula, ndi zolembera zakuda zopyapyala zija amagwiritsa ntchito ojambula mapulani a nyumba, nambala 0.3 ndi 0.5. Podetsa malo aakulu maka wamba akwana. Azijambula mbali imodzi yokha ya pepala, inki ikauma ndi pomwe afufute pensulo. Akamaliza mujambule ndi foni pamalo owala, muponye pano tione mapaziwo.

Joni Boy:
Udzu usakhalemo.